Mthunzi Uyambe, Tebulo Libwere Pambuyo

Lero nkhani yathu ikuchokera ku Mzilawaingwe, mu mzinda wa Mzuzu, ndipo ndi ya malo odyera panja, kuseri kwa nyumba, pamene banja lingakhale pansi ndi mbale ya nsima mwezi wa Okutobala popanda kupukuta thukuta pa mbamu iliyonse.

Ndikudziwa kuti anzathu a ku Karonga ndi ku Nsanje ayamba kale kuseka. Akuti, kodi ku Mzuzu nako kumatentha? Kuseka kwawo kuli ndi chifukwa. Mzinda wa Mzuzu uli pamtunda, pa mapiri a Viphya, mamita oposa 1,200 kuchokera pamene palekezera madzi a nyanja zamchere. Nyanja yathu ya Malawi ili pansi kwambiri, sifika n'komwe mamita 500. N'chifukwa chake munthu akakwera minibasi ku Nkhata Bay atavala malaya opepuka, pofika m'tauni amakhala akufunafuna juzi m'chikwama. Mu Juni ndi Julayi kuno kumacha ndi chifunga, ndipo usiku kuzizira kumatsika pansi pa madigiri 10.

Komatu funsani mayi amene amaphika masana mu Okutobala ndi Novembala m'nyumba ya malata yopanda siling'i ku Mzilawaingwe, ku Chiputula kapena ku Chibavi. Panja mpweya ukhoza kukhala wabwinobwino, wosafika n'komwe madigiri 30, koma lata likawombedwa ndi dzuwa la masana limatentha kupyola madigiri 60, ndipo kutentha konseko limakutsanulira pamutu pa anthu ali m'katimo. Pabalaza pamasanduka uvuni. Ana amathawa ndi mbale zawo, wina kukakhala pakhonde, wina pansi pa chingwe choyanikapo zovala, bambo n'kumadyera chiimire pakhomo. Banja limodzi, mphika umodzi, koma aliyense akudyera kwake.

Vutoli lakula chifukwa mzinda wakula. Mzuzu inayamba ngati malo a minda ya mitengo ya tung chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, inakhala mzinda mu 1985, ndipo pa kalembera wa 2018 inapezeka ndi anthu oposa 220,000. Poloti imene kale inali ndi nyumba imodzi, mitengo ya mango iwiri ndi dimba la nthochi, lero ili ndi mdadada wa nyumba za lendi. Mitengo inapita kootchera njerwa ndi ku makala. Pamene panali udzu tsopano pali simenti ndi mpanda wa njerwa, zinthu zimene zimamwa kutentha usana wonse n'kumakulavula madzulo. Choncho kutentha kwa pa poloti yanu si kumene mumamva pa nkhani za nyengo. Kwanuko mwadzipangira nokha ndi zimene mwamanga ndi zimene mwadula, ndipo mukhozanso kukuchepetsa nokha.

Kudyera panja si chinthu chachilendo chimene tikutengera m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja. Kumidzi ya ku Mzimba ndi ku Rumphi abambo ndi anyamata ankadyera limodzi pamphala, nsima ikuchokera m'nyumba zosiyanasiyana, amayi ndi atsikana nawo akudyera kwawo. Ku chigawo chapakati ndi kumwera anthu ankadziwa chidyerano. Agogo athu sankajambula mapulani, koma ankadziwa mtengo umene uli ndi mthunzi wa masana, ndiponso mbali ya nyumba imene mwera sufikako. Mfundo yanga lero yagona pomwepo. Ambiri tikafuna malo otere timayambira kumsika, kugula mipando ya pulasitiki ndi tebulo, kenako n'kumazizunguza pabwalo kusaka poziika. Ntchito imayenera kuyambira kumwamba, kwa dzuwa. Kenako mphepo, kenako madzi a mvula. Tebulo ndi lomaliza.

Tiyambe ndi dzuwa. Mzuzu ili pa madigiri pafupifupi 11 ndi theka kumwera kwa equator. Zimenezi zikutanthauza kuti kawiri pachaka dzuwa limadutsa paliwombo penipeni: chakumapeto kwa Okutobala, ndiponso chapakati pa Febuluwale. Mu Febuluwale sitilimva kwenikweni chifukwa cha mitambo ya mvula, koma mu Okutobala kumwamba kumakhala kuli mbee. Masiku amenewo a Okutobala, cha m'ma hafu leveni m'mawa, mukaimika ndodo pabwalo chithunzithunzi chake chimabisala pansi pa ndodo yomweyo. Khoma silingakupatseni mthunzi pa nthawi imeneyo, mpanda ngakhale utalike bwanji sungakuthandizeni. Chokhacho chothandiza ndi chimene chili pamwamba pa mutu: denga kapena nthambi za mtengo.

Ikamakwana thuu koloko nkhani imasintha. Dzuwa limapendekera kumadzulo n'kuyamba kulowa cham'mbali, pansi pa denga, kukuwombani kumaso ndi kumsana. Apa n'kuti nthaka ndi makoma zitatentha kale, ndipo nthawi imeneyi ndi imene imapweteka kuposa masana. Anthu ambiri amamanga samahati yokongola yotsegula mbali zonse zinayi, n'kudabwa kuti kuyambira fili koloko mpaka dzuwa kulowa palibe wokhalamo kupatula nkhuku. Mbali ya kumadzulo imafuna chotchinga.

Tsono nachi chimene chimasiyanitsa Mzuzu ndi Karonga. Mu Juni dzuwa la masana silikhala paliwombo, limadzera chakumpoto, ndipo limakhala lotsika ndithu. Mbali ya kumwera kwa nyumba imakhala mumthunzi tsiku lonse, yozizira, yachinyezi, mpaka khoma kumera ndere. Mukaika malo anu odyera kumeneko mudzasangalala miyezi iwiri yokha, miyezi ina yonse mudzawasiyira akangaude. Koma mukawaika chakumpoto kapena kumpoto chakum'mawa kwa nyumba, mwapindula pawiri. Mu Okutobala denga likutchingirani dzuwa la paliwombo. Mu Juni dzuwa lotsikalo lilowa pansi pa denga lomwelo, ndipo ngati mlomo wa denga uli mamita awiri ndi theka kuchokera pansi, lifika mkati kuposa mita imodzi ndi theka. Pamenepo agogo aothera dzuwa akumwa tiyi wawo ndi chinangwa, nyumba ikuwatchingira mwera kumsana.

Musadalire mawu anga okha. Poloti iliyonse ili ndi khalidwe lake, chifukwa nyumba ya aneba, mpanda ndi mtengo wa kuseri zimaponya mithunzi yawoyawo. Sankhani Loweruka limodzi. Tulukani cha m'ma naini m'mawa, cha m'ma thwelofu, cha m'ma fili ndi cha m'ma faifi madzulo, ndipo nthawi iliyonse lembani pansi ndi phulusa pamene mthunzi walekezera. Tumani ana, aikonda ntchito imeneyi. Pofika madzulo bwalo lanu lidzakhala litakuuzani lokha pamene muyenera kuzika mizati. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

[NYIMBO]

Tikupitiriza nkhani yathu ya malo odyera panja ku Mzilawaingwe. Dzuwa taliona. Tsopano tifolere ndi chiyani?

Mthunzi woposa yonse ndi wa mtengo wamoyo. Masamba amatulutsa madzi, madziwo akamauluka amaziziritsa mpweya, pamene lata ndi tenti zimangotchinga kuwala koma zokha zikutentha. Ngati pakhomo panu pali kale mtengo wa mango kapena wa mapeyala, musaudule kuti mupeze malo omangapo samahati. Mtengowo ndiye samahatiyo. Sadzirani nthambi za m'munsi kuti mphepo izidutsa, ndipo tebulo liikeni chakum'mawa kwa thunthu, kuti madzulo mthunzi uzigwera kwa inu. Chenjerani ndi mapeyala akakhwima, peyala likathothoka silisankha mbale. Ngati mukubzala watsopano, mutalikitse mamita osachepera asanu kuchokera ku maziko a nyumba ndi ku mapaipi a madzi, kuopa mizu.

Mtengo umatenga zaka, njala ya Okutobala sidikira. Njira yachangu ndi chisakasa cha mizati inayi, pamwamba n'kuyalapo nsungwi kapena waya, kenako kubzala zoyanga m'mbali. Magalagadeya amakonda nyengo ya kuno, ndipo m'chaka chimodzi amatha kufolera chisakasa chonse n'kuyamba kubereka. Shushu nayenso amayanga mwamphamvu ndipo mumapezerapo ndiwo. Muzidulira kawirikawiri kuti pasachite thengo, chifukwa powirira ndi pobisala njoka ndi mavu.

Koma kumbukirani kuti kuno mvula imachedwa kusiya. Pamene ku Lilongwe akolola kale, ku Mzuzu imakhala ikuwazabe mpaka Meyi, nthawi zina kulowa mu Juni. Masamba okha satchinga mvula. Amene akufuna malo a chaka chonse afunika denga lenileni. Udzu ndi umene umazizira bwino, koma uli ndi malamulo ake. Denga la udzu liyenera kukhala lotsetsereka kwambiri, cha pa madigiri 45, kuti madzi asamaime. Likakhala lafulati, ndi chinyezi cha kuno, limaola msanga. Ndipo udzu ndi moto sizigwirizana, choncho mbaula ikhale patali.

Ngati mwasankha malata, musataye mtima. Chitani zinthu zitatu. Choyamba, kwezani denga, lisachepere mamita awiri ndi theka, kuti kutentha kwa lata kukhale kutali ndi mitu. Chachiwiri, pansi pa malatawo khomani mphasa za bango, musiye mpata pakati pa lata ndi mphasa kuti mpweya wotentha uzituluka m'mbali. Mphasa ziwiri kapena zitatu zimasintha zinthu modabwitsa. Chachitatu, pakani penti yoyera pamwamba, chifukwa choyera chimabweza kuwala pamene chakuda chimakumwa. Ndipo musaiwale kumanga mitanda ku mizati ndi waya wolimba. Mphepo ya mvula yoyamba imanyamula madenga a masukulu ndi matchalitchi, nanga kuli bwanji chisakasa chotsegula m'mbali chimene mphepo imachilowera pansi.

Chotchinga cha kumadzulo chija chisakhale khoma la njerwa. Khoma limatseka dzuwa, inde, koma limatsekanso mphepo, ndipo madzulo limakubwezerani kutentha kumene lasunga. Mphasa yopachika, yoti muzitsitsa masana n'kuipinda dzuwa likalowa, imagwira ntchito bwino. Mpanda wa nsungwi wolukidwa motalikitsa nawonso ndi wabwino. Kapena bzalani nthochi mzere umodzi mbali imeneyo. Zimakula msanga, masamba ake ndi aakulu, ndipo madzi otsukira mbale amapeza kolowera.

Tibwere ku mphepo. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera, wochokera kumwera chakum'mawa, wozizira, wobwera ndi mvula yamawawa. Umenewo ndi woutchinga. M'miyezi yotentha mphepo imakonda kudzera kum'mawa, kenako mvula ikamayandikira imatembenukira kumpoto. Imeneyo ndi yoitsegulira njira. Mphepo siilowa pamalo pamene ilibe potulukira, choncho mbali ziwiri zikhale zotsegula. Ngati mpanda wanu wa njerwa ndi wautali, siyani mabowo m'mizere ya pamwamba kuti mpweya uziyenda.

Mphepo yomweyo imanyamulanso zinthu ziwiri zimene zimathamangitsa anthu patebulo: utsi ndi fungo. Pa mapoloti ambiri a ku Mzilawaingwe, kuseri kwa nyumba n'kumene kuli khitchini, bafa, chimbudzi ndi dzenje la zinyalala, zonse pa malo ochepa. Musanazike mzati, imani pamalo mwasankhapo madzulo, mununkhize. Ngati mphepo ikudutsa kuchimbudzi isanafike kwa inu, sunthani. Chimbudzi chikhale ndi chivundikiro pabowo, dzenje la zinyalala muzikwirira ndi dothi kapena phulusa. Khitchini ikhale pafupi moti mayi kapena mwana wonyamula mphika wa nsima yamoto asayende mtunda, koma ikhale mbali imene utsi uzipita kutali ndi odya. Chitetezo mbaula, ija youmba ndi dothi, imadya nkhuni zochepa ndipo utsi wake ndi wochepa poyerekeza ndi mafuwa atatu.

Tsopano tiyang'ane pansi. Ambiri amathamangira kuthira simenti bwalo lonse. Simenti yokhala padzuwa imatentha moti mwana sangapondepo wopanda nsapato, komanso imakana madzi kulowa m'nthaka, ndiye onse amathamangira kwa aneba a kumunsi. A ku Mzuzu sitinaiwale mvula ya mu Epulo 2016, imene inagwa masiku motsatizana n'kugwetsa nyumba zambiri m'madera okhala anthu mothithikana, anthu ena n'kutaya miyoyo. Madzi a mzinda uno, womangidwa pa zitunda ndi m'madambo, si oseweretsa. Choncho simenti kapena njerwa zoyala zikhale pansi pa denga pokha. Pamenepo mukweze ndi masentimita 15 kapena 20 kuposa bwalo, ndipo mupendeketse pang'ono kuti madzi azichoka kulowera kutali ndi maziko a nyumba. Kunja kwake bzalani kapinga. Pansi pa mlomo wa denga kumbani kangalande, mudzazemo timiyala. Amene thumba silikulola simenti, dothi lotsendera bwino n'kulizira, monga amachitira amayi kumudzi, limazizira kuposa simenti. Limangofuna kulikonzanso mvula ikatha.

[NYIMBO]

Omvera, tiyeni tilowe pa poloti imodzi, yonga zambiri za m'dera lino, tione mmene zimakhalira. Kutsogolo kuli nyumba ya eni malo, kuseri kuli zitseko zitatu za alendi, pakati pali mpopi umodzi ndi chingwe cha zovala. Mayi mwini nyumba aitana mmisiri. Akumuuza kuti, "Adada, ndikufuna samahati apa, pakati penipeni, yozungulira, ngati ija tinaona ku ukwati." Mmisiri wanzeru satulutsa tepi msanga. Amayamba wafunsa. "Amama, pakhomo pano mumadya anthu angati? Nanga mvula ikagwa, madzi a padenga ili amadzera pati?" Mayi aja aloza, ndipo kanjira ka madzi kakuoneka bwinobwino, kadutsa pakati pomwe amafunapo, dothi lofiira litakokoloka mpaka timiyala kuonekera. Mmisiri ayenda masitepe asanu, akaima pambali pa khoma la kum'mawa. "Bwanji apa, amama? Khoma lilipo kale, likutchingirani dzuwa la madzulo. Tingozika mizati iwiri, denga litsamire nyumba. Ndalama ya mizati inayo mugulire mphasa." Mayi aja aima pomwepo kanthawi, ayang'ana kukhitchini, ayang'ana kuchimbudzi, kenako akuti, "Yewo, adada, yezani." Mmisiri wotero musamutaye. Amene angofika n'kuyamba kutchula matumba a simenti asanayang'ane kumwamba, muuzeni kuti mumuimbira.

Za kukula kwa malo, musadzivute. Munthu mmodzi patebulo amafuna masentimita 60 kuti asagundane zigongono ndi mnzake. Kuseri kwa mpando kusiyidwe pafupifupi mita imodzi kuti wogawa chakudya azidutsa. Kwa banja la anthu asanu ndi mmodzi, malo a mamita atatu m'lifupi ndi anayi m'litali ndi okwana. Denga lipyole malowo ndi theka la mita kapena kuposerapo mbali zonse, apo ayi okhala kumapeto adzakhala theka pamthunzi theka padzuwa. Ndipo musadzaze ponse ndi mipando. Siyani poyala mkeka. Agogo aakazi ambiri sakhuta akadyera pampando, ana aang'ono nawo malo awo ndi pansi, ndipo tsiku la kondowole, amene amafuna dzanja lamphamvu ndi mbale yokhazikika, mudzaona kuti ngakhale abambo akutsika okha.

Pa nkhani ya mipando ndi tebulo, a ku Mzuzu tili ndi mwayi wa matabwa. Nkhalango ya paini ya Chikangawa, ya mahekitala pafupifupi 53,000, yadyetsa mzinda uno kwa zaka zambiri, ngakhale kuti moto ndi kudula mosabwezeretsa zaiwononga kwambiri. Makungwa a matabwa otsala pocheka, aja timati zigwagwa, mpaka anapereka dzina ku msika wa Zigwagwa. Zigwagwa zosankhidwa bwino, zopalidwa, zimapanga mabenchi ndi chotchinga chabwino pa mtengo wotsika. Koma paini ndi chakudya cha chiswe ndipo sachedwa kuola akanyowa. Miyendo ya benchi isagunde dothi, iikeni pa njerwa kapena pa mwala. Mizati ya bulugama muiwaule kunsi kapena muipake mankhwala oteteza matabwa, ndipo muizike mu konkire yotumphuka pang'ono pamwamba pa nthaka kuti madzi asaime patsinde. Mipando yachitsulo imaotcha ikakhala padzuwa ndipo imachita dzimbiri ndi chifunga. Ya pulasitiki imafooka ndi dzuwa, tsiku lina n'kugwetsa mlendo. Yoluka ndi nsungwi imapitisa mphepo kumsana, ingofunika kuilowetsa m'nyumba nthawi ya mvula.

Pali zinthu zina zing'onozing'ono zimene zikasowa, malo onse aja amasanduka chipsinjo. Choyamba ndi posamba m'manja. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo unavuta kwambiri m'maboma a m'mbali mwa nyanja kuphatikizapo Nkhata Bay, unatikumbutsa kuti kusamba m'beseni limodzi anthu asanu ndi kupatsirana matenda. Ikani ndowa ya kampopi kapena mpondagiya polowera, ndi sopo, madzi ake azigwera pa nthochi zija. Chachiwiri ndi zovundikira. Usipa wa ku Nkhata Bay ukamanunkhira, ntchentche za poloti yonse zimalandira uthenga. Mabakuli okhala ndi zivundikiro, kapena lichero loyera, zikhale pafupi. Chachitatu ndi madzi akumwa. Mtsuko wadothi woikidwa pamthunzi podutsa mphepo umaziziritsa madzi popanda magetsi, chifukwa madzi amene amatuluka pang'onopang'ono m'mbali mwake akamauma amachotsa kutentha. Uzikhala wovundikira, ndi kapu yake yotungira yapadera. Chindongwa nachonso chimakoma chikakhala pamenepo.

Madzulo kuli nkhani ya kuwala ndi udzudzu. Nyale ya sola imodzi ndi yokwana, ndipo magetsi akathima simudera nkhawa. Musaipachike pamwamba pa tebulo penipeni, chifukwa mvula yoyamba ikagwa ngumbi ndi tizilombo tina tidzathera mu ndiwo. Ipachikeni pamzati wa pakona. Babu yowala mwachikasu imaitana tizilombo tochepa kusiyana ndi yoyera mbee. Udzudzu umaswana m'madzi odekha, choncho zitini, matayala akale ndi zithaphwi zisapezeke pafupi. Ena amabzala udzu wa mandimu m'mbali, ndipo ndi wabwino pa tiyi, koma musauyese mankhwala a malungo. Udzudzu wofalitsa malungo umaluma usiku. Mgonero udyedwe msanga, ana alowe, akagone m'neti. Ndipo mu Juni, mukamaothera mbaula ya makala pa malo anu otsegulawo, ithereni pomwepo. Musailowetse m'chipinda chogona chotseka mawindo, chifukwa mpweya wa makala sununkha koma umapha anthu ali m'tulo.

Ndikumva wina akuti, zonsezi n'za eni nyumba, ife a lendi titani? Inunso muli ndi gawo lanu. Musamange chokhazikika pa malo a mwini musanagwirizane naye, kuopa mikangano tsiku losamuka. Koma mphasa yopachika pakhonde, benchi yonyamulika, mpando wa ndalema, magalagadeya obzala m'thumba la simenti lakale n'kuyangira pa chingwe, zonsezi mukhoza kunyamuka nazo. Pamene mabanja atatu kapena anayi akukhala pa poloti imodzi, kusonkherana chisakasa chimodzi n'kotchipa kusiyana ndi kuti aliyense azilimbana ndi dzuwa payekha. Inu alandilodi, nyumba yokhala ndi mthunzi siikhalitsa yopanda munthu. Ndipo amene mukufuna kumanga cha njerwa ndi konkire, chokhalitsa, yambani mwafunsa ku khonsolo ya mzinda, ndiponso muonetsetse kuti simukumanga pamwamba pa paipi ya madzi kapena pansi pa mawaya a magetsi.

Ena adzati kudyera panja n'kudzionetsera, kapena kuitana alendo osawakonzekera. Zoona, m'tauni thumba la ufa limawerengeredwa masiku, ndipo si tsiku lililonse limene ndiwo zake mungafune kuti aneba azione. Chotchinga cha nsungwi chofika m'mapewa a munthu wokhala pansi chimateteza ulemu umenewo popanda kutseka mphepo. Koma tisafike pomanga linga. Mwana wa aneba akasuzumira, mbamu imodzi sinasaukitsepo munthu. Pamphala paja mwana wamasiye ankakhuta chifukwa nsima inkadyedwa poyera.

Ndiye nayi ntchito yanu, omvera. Sabata ino musagule kanthu. Loweruka tengani phulusa mulembe mithunzi. Mvula ikagwa, tulukani ndi ambulera muone kumene madzi akudzera. Madzulo imani kuseri mumve kumene mphepo ikuchokera ndi zimene yanyamula. Mukatero itanani mmisiri, ndipo inuyo ndi amene muzimuuza za poloti yanu. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Kumbiranitu dzenje chakumadzulo kwa malo mwasankhawo, muthiremo manyowa, mbande ikapezeka ingolowa. Chisakasa chikuthandizani chaka chino, koma amene adzadye pansi pa mtengowo ndi ana anu ndi alendi amene sanabwere n'komwe m'tauni muno.